Ku Khulubvi musapiteko pa Khirisimasi

Mayi ena a ku Mufakose anditumizira imelo sabata yatha. Akuti anabadwira konkuno ku Harare, koma agogo awo aamuna anachokera ku Port Herald, ndipo madzulo ankakonda kuwasimbira za nkhalango ya Mbona, mzimu umene Amang'anja amapemphako mvula. Funso lawo ndi ili: "Ndikufuna nditenge ana pa tchuthi cha Disembala tikaone akachisi akalewo. Kodi nyengoyo ili bwino?"

Mayi, ndikuyankheni mosapita m'mbali: Disembala ayi.

Port Herald ankanena agogoyo ndi Nsanje wa lero, kumunsi kwenikweni kwa chigwa cha Shire, ndipo nkhalangoyo ndi Khulubvi. Dzinja kumeneko silichita masewera. Shire ndi Ruo akadzaza, madzi amalowa m'midzi, misewu n'kuduka. Mu Januwale 2015 zinatero. Mu Malichi 2019, chaka chomwe namondwe wa Idai anasakaza Chimanimani kuno, nako kunali maliro. Namondwe wa Freddy anabweranso mu Malichi 2023. Disembala mvula imakhala itangoyamba, inde, koma kupita mutha kupita bwino, vuto n'kubwerera. Onjezanipo udzudzu, ana obadwira ku Harare malungo sanawazolowere.

Okutobala ndi Novembala nayenso asiyeni. Ine ndinalakwitsapo, ndinapita mu Okutobala. Basi itangotsika phiri la Thabwa kulowera ku Chikwawa, mphepo yolowa pawindo inali ngati yochokera m'ng'anjo ya njerwa. Pofika pa Bangula madzi a m'botolo langa anali oti uthiremo masamba a tiyi. Kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo kumbukirani kuti m'nkhalangomo mumalowa mutavula nsapato.

Nyengo yabwino ndi Juni ndi Julaye. Ife kuno timakhala titakumbatira mbaula, koma kuchigwa n'kofunda pang'ono chabe, njira zauma, anthu akolola, mitima ili m'malo. Popeza muli ndi ana, dikirani tchuthi cha Ogasiti, chikadali chabwino. Kwerani basi ya ku Blantyre, yodzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Gonani ku Blantyre, m'mawa mutsike ndi msewu wa M1 kudzera pa Nchalo.

Koma pali china chimene ndaona m'kalata mwanu. Mwalemba kuti "akachisi akale", ndiye ndikuopa kuti anawo akuyembekeza makoma amiyala ngati a ku Great Zimbabwe. Auzeniretu. Kachisi wa Mbona ndi kanyumba kozungulira kaudzu, ndipo kakatha amamanganso. Chakale pamenepo si khoma. Ndi mitengo imene palibe amene amaigunda ndi nkhwangwa, komanso mwambo wa Amang'anja wopempha mvula umene wadutsa zaka mazanamazana. Akuluakulu amati Mbona adaphedwa ndi adani ake, mutu wake n'kuikidwa m'nkhalangomo, ndipo amabwera ngati nsato kwa mkazi wake, amene udindo wake umatchedwa Salima. Kuyambira 2011 malowa ali pa mndandanda wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, wa malo oyembekezera kuzindikiridwa kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi.

Chimene sindidzaiwala n'kusintha kwa mpweya. Kunja minda ili mbee, dzuwa lili phwee, koma ukangolowa pansi pa mitengoyo thukuta limazizira pamsana. Mkulu amene ankatitsogolera anatsitsa mawu, nafenso tinangopezeka tikunong'ona popanda wotiuza.

Musangotulukirako ngati mukupita ku msika wa Mbare. Yambani mwaonekera kwa mfumu ya dera, ndi imene idzakulumikizeni ndi osunga kachisi, ndipo iwo ndiwo adzanene pofika ndi posafika. Nsalu ya Mbona ndi yakuda, choncho zovala zowala zisiyeni m'chikwama. Foni musaitulutse kuti mujambule musanapemphe. Ndipo poti agogo anali a komweko, fufuzani dzina la mudzi wawo ndi mfunda wawo musananyamuke, chifukwa funso loyamba kwa mfumu lidzakhala lakuti, "Ndinu ana a yani?"