Za Mano Athu: Ndiitanitse zowongolera mano za pa Facebook?

FUNSO: Adokotala, ndine mtsikana wa zaka 27, ndimagwira ntchito mu ofesi pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Mano anga akutsogolo am'munsi ndi opanikizana, awiri anakwerana, ndipo limodzi lam'mwamba linatulukira kutsogolo. Pojambulitsa sindiseka. Pa Facebook ndaona akutsatsa timapulasitiki towonekera tovala m'mano, akuti ma aligner. Akuti ndingotumiza chithunzi cha m'kamwa ndi ndalama, iwo atumiza kuchokera ku Joni. Chinkhoswe changa chili chaka chamawa. Kodi pa msinkhu wangawu mano angawongoke? Komanso ndikamatsuka m'kamwa nkhama zimatuluka magazi pang'ono.
Wodandaula, Chitakale

YANKHO: Achemwali, ndiyambire pamene mwamalizirapo, chifukwa mawu omwe mwangoponyera kumapetowo ndi amene andidetsa nkhawa. Nkhama zabwinobwino sizituluka magazi potsuka. Mano akakwerana, mswachi sufika m'timipata tonse, litsiro limaunjikana n'kuuma gwa, nkhama n'kutupa. Zikakhalitsa, fupa logwira dzino limayamba kudyeka. Munthu akamakankha dzino lotere, m'malo mowongoka limayamba kugwedera. Ndiye ulendo wanu woyamba ukhale wa pafupi pompo, kwa a za mano pa chipatala cha boma ku Mulanje. Akaone nkhamazo, akapale litsiro lolimbalo, akamate pamene pabooka. Zowongola zibwere magazi atasiya.

Za msinkhu musadandaule. Akuluakulu amati kuwongola mtengo n'poyamba, koma pa mano mwayi sutha. Dzino silinakhomedwe m'fupa. Pakati pa muzu ndi fupa pali timinyewa tating'onoting'ono tolilumikiza. Likamakankhidwa pang'onopang'ono osalekeza, fupa la mbali imene likulowera limasungunuka, ndipo kumbuyo kumamera latsopano. Zimenezi zimachitika kwa wa zaka 12 ngakhalenso wa zaka 50, kungoti kwa wamkulu zimatenga nthawi yotalikirapo. Mawaya achitsulo, aja ambiri amati ma braces, ndi ma aligner onse amadalira njira imeneyi.

Ma aligner enieni alipo, si bodza. Anatchuka kudzera mwa kampani ya ku America ya Align Technology, imene inayamba kugulitsa otchedwa Invisalign kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Dokotala amajambula m'kamwa ndi makina kapena kudinda mano, kompyuta n'kukonza ulendo wa dzino lililonse, kenako amapanga timapulasitiki tambirimbiri totsatizana. Kamodzi kamasuntha dzino pafupifupi kota ya milimita basi, ndipo mumasintha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Koma mano anu ndi opanikizana, ndiye funso langa n'lakuti: awiri okweranawo akawongoka, akakhala pati? Malo amayenera kupezeka kaye. Nthawi zina dokotala amapala pang'ono kwambiri m'mbali mwa mano, nthawi zina amachita kuzula dzino. Kawirikawiri amamatanso timibulu ta mtundu wa dzino pa mano ena kuti pulasitikiyo igwire bwino. Izi zonse zimafuna manja a munthu m'kamwa mwanu. Ndipo chithunzi cha pafoni sichionetsa mizu, sichionetsa dzino lobisala m'fupa, sichionetsa ngati fupa ladyeka. Zimenezo zimaoneka pa X-ray. Ku America komweko kunali kampani yaikulu yotumiza ma aligner pa positi, SmileDirectClub. Inatsekedwa mu Disembala 2023, anthu ali pakati pa chithandizo. Nanga inu wa ku Chitakale, dzino likayamba kuwawa kapena kuda, munthu wa pa Facebook uja mukamupeza kuti? Ndalama zanuzo musatumize, chonde.

Tsopano tinene kuti mwafika kwa dokotala weniweni, wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo wakupatsani mwayi wosankha. Apa ndikufuna mudziyang'ane nokha moona mtima, poti inu mumagwira ntchito pamene tiyi sasowa.

Aligner imavalidwa maola 20 mpaka 22 pa tsiku. Otsalawo ndi a chakudya cham'mawa, nsima ya masana, yamadzulo, ndi kutsuka komwe. Muli chivalire mumamwa madzi ozizira okha. Tiyi wotentha amapinditsa pulasitiki, amaidetsa n'kukhala yofiirira, ndipo shuga akatsekeredwa mkati amakhalira dzino tsiku lonse mpaka kulibowola. Ndiye kapu iliyonse ya 10 koloko ija, muyenera kuvula, kumwa, kutsuka mano, n'kuvalanso. Mnzanu akabwera ndi nanazi wosenda kapena chitumbuwa, chimodzimodzi. Ena amakwanitsa ndithu. Koma ambiri amene ma aligner awakanika, vuto silikhala pulasitikiyo, limakhala lakuti yaswera m'kachikwama mwini wake akuti avala akamaliza. Ikatero, yotsatira siyilowa bwino, ndipo ntchito imabwerera m'mbuyo.

Mawaya alibe vuto loiwala, amagwira ntchito usana ndi usiku. Pa mano opanikizana kwambiri kapena opotoka, nthawi zambiri ndi amene amachita bwino, ndipo mtengo wake umakhalako pansi poyerekeza ndi ma aligner, omwe mtengo wake umatsatira ndalama zakunja. Kuipa kwake n'kwakuti amaoneka, amakanda milomo masiku oyamba, ndipo nzimbe, chimanga chootcha ndi mtedza wokazinga muyenera kuziiwala, chifukwa zimagwetsa tizitsulo tomatidwa pa mano. Kutsuka kumafunanso khama, apo ayi pochotsa mudzapeza mawanga oyera pa dzino lililonse. Ineyo pa zimene mwalongosolazi ndikanapendekera ku mawaya, koma mawu omaliza ndi a dokotala amene adzaone X-ray yanu.

Muwerengerenso mayendedwe. Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa, maphunziro awo a digiri anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Ntchito yowongola mano mudzaipeza makamaka ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndi mawaya mumabwererako pakatha masabata 4 mpaka 8 kukamangitsa, kwa chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Ikani pa bajeti minibasi ya msewu wa Midima ndi tsiku lopempha kuntchito ulendo uliwonse. Musanalipire, funsani ngati mtengowo ukuphatikiza maulendo onse ndi retainer, kachipangizo kogwira mano akatha kuwongoka. Popanda iko mano amabwerera kwawo, ndipo ambiri amakavala usiku kwa zaka zambiri.

Za chinkhoswe, mwina ntchito idzakhala isanathe. Mano akutsogolo amayamba kuoneka kusintha m'miyezi yoyambirira, koma musaumirize dokotala kuti afulumize. Mphamvu ikachuluka mizu imafupika, ndipo muzu wafupika subwerera. Muuzeni tsikulo pa ulendo woyamba kuti mukonzere limodzi.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 8 wamera mano awiri akuluakulu am'mwamba, koma pakati pali mpata. Anansi akuti ndiziwamanga ndi kamphira usiku kuti agundane. Nditero?
Mayi, Bvumbwe

YANKHO: Ayi mayi, musayerekeze n'komwe. Dzino limachepa kukula polowera ku muzu, ndiye kamphira kamatsetsereka n'kukalowa pansi pa nkhama pomwe simungakaone. Kakalowa kamadya fupa mpaka mano onse awiri kugwedera, ndipo ana ena anataya mano motere. Mpata umenewu pa zaka 8 ndi wachibadwa. Nthawi zambiri umatsekeka wokha mano osongoka am'mwamba akamera, cha pa zaka 11 kapena 12. Chimene mungayang'anire panopa ndi chala: ngati akuyamwabe, muthandizeni asiye mwachikondi, chifukwa chimakankhira mano kutsogolo. Samaliraninso mano ake oyamba otafunira kuti asabooke, poti akazulidwa msanga oyandikana nawo amasendera n'kutseka malo a dzino lobwera. Mupite naye pa chipatala cha Thyolo akamuone m'kamwa chaka chino, ndipo ngati mpatawo udzakhalepobe osongoka aja atamera, mudzabwerere nayenso.