Kodi ndisiye mesalazine ndiyambe ma probiotic?

Mayi wina wandilembera imelo kuti madokotala anamupeza ndi ulcerative colitis, matenda otupitsa thumbo lalikulu nkulichititsa zilonda, akumwa mesalazine, mankhwala ochepetsa kutupako, koma mnzake akumuuza kuti asiye mapilisiwo azingomwa ma probiotic, omwe ndi tizilombo tamoyo tomwe amati timathandiza m'mimba, poti ndi achilengedwe. Akufunsa ngati zili zoona.

Mayi, chonde mesalazine musasiye. Ndayamba ndi zimenezo dala, tsopano tikambe za tizilomboto.

M'thumbo lalikulu la munthu aliyense muli mabakiteriya osawerengeka ndipo ambiri ndi otithandiza. Ena amadya zotsalira zomwe mimba yalephera kugaya nkupanga butyrate, amene ndi chakudya cha maselo a khoma la thumbolo. Kwa odwala colitis chitetezo cha m'thupi chimalusira khoma lomweli, limatupa, limachita zilonda, nde magazi aja mumawaona kuchimbudzi amachokera pamenepo, komanso mabakiteriya opanga butyrate ngati Faecalibacterium prausnitzii amakhala achepa. Nde mnzanuyo sikuti akungolota ayi, ganizo lowonjezera tizilombo tabwino lili ndi mutu.

Pomwe wasokonekera ndi poganiza kuti ma probiotic onse ndi amodzi. Amene anayesedwa bwino pa matenda anuwa ndi ochepa zedi. Wodziwika ndi bakiteriya wotchedwa E. coli Nissle 1917, amene dokotala waku Germany Alfred Nissle anamupeza m'chimbudzi cha msilikali wina yemwe sanatsekule m'mimba pomwe anzake ambiri amadwala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 2004 dokotala wina, Wolfgang Kruis, ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa odwala 327 omwe matenda anali atagona, ena amamwa Nissle ena mesalazine kwa miyezi 12, ndipo amene matenda anawayambiranso anali pafupifupi chimodzimodzi mbali zonse. Koma taonani, awa anali anthu oti ali bwino kale, sikuti magazi amatuluka. Palinso msakanizo wa mitundu 8 ya mabakiteriya womwe unathandiza pa pouchitis, kutupa komwe kumagwira ena amene anachotsedwa thumbo lalikulu pa opaleshoni. Pa Crohn's pokha, omwe ndi matenda ena otupitsa matumbo, umboni palibe.

Nchifukwa chake mu 2020 bungwe la madokotala a matenda a m'mimba ku America la American Gastroenterological Association linati pa ulcerative colitis ma probiotic aziperekedwa mkati mwa kafukufuku basi. Ine zimandiwawa ndikaona botolo longolembedwa Lactobacillus, lomwe ndi dzina la gulu lonse la mabakiteriya, osatchula mtundu weniweni, likugulitsidwa kwa munthu wodwala ngati lichiritsa zilonda.

China, ngati munapatsidwanso prednisolone kapena azathioprine chitetezo chanu chatsika, ndipo tizilombo tamoyo nthawi zina timalowa m'magazi, sizichitika pafupipafupi koma zimachitika. Nde mukafuna kuyesa, tengani botololo mukawaonetse adokotala anu awerenge dzina lonse la bakiteriyayo, ndipo muzimwa pamodzi ndi mesalazine osati m'malo mwake. Magazi akachuluka kapena thupi likatentha pitani kuchipatala tsiku lomwelo akayeze chimbudzi, chifukwa nthawi zina amakhala bakiteriya wotsekula m'mimba wotchedwa C. difficile walowererapo.