Wakupha wa nkhope ziwiri uja ndi wa mu Thriller

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti anaonerapo sewero lakalekale la pa TV ya ku Britain lonena za munthu wopha anzake amene anathawa m'chipatala cha odwala misala, koma ali ndi mapasa mnzake. Akufuna dzina lake, ndipo akudabwa kuti linawagonetsa m'maso bwanji chonsecho magazi munalibe.

Mayi, limenelo ndi Killer with Two Faces, limodzi mwa magawo 43 a Thriller, masewero amene kampani ya ATV inapanga ndi kuwaonetsa pa ITV kuyambira 1973 mpaka 1976. Mwini maganizo ake anali Brian Clemens, yemwe anatchukanso ndi The Avengers. Gawo lililonse ndi nkhani payokha, choncho musavutike kuyambira poyamba.

Mu gawo lanuli Ian Hendry akusewera anthu awiri: katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndi mbale wake wothawayo. Mtsikana amene ali pakati pawo ndi Donna Mills wa ku America. Si mwangozi ayi. Lew Grade, bwana wa ATV, ankagulitsa masewerowa ku ABC ya ku America, ndiye m'magawo ambiri amayenera kupezekamo wosewera wa kumeneko. Nthawi zina zimachita kuonekeratu kuti angomulowetsamo mokakamiza, koma pano zikukhala bwino, poti mlendo sadziwa woti n'kumufunsa.

Tsono za manthazo. Clemens sakubisirani kanthu. Inu oonera mukudziwa kale kuti wakupha uja ali panja, mtsikanayo ndiye sakudziwa. Bambo akagogoda, iye n'kutsegula chitseko akumwetulira, inu mumayang'anitsitsa nkhope ija kufuna kuzindikira kuti wabwerayu ndi uti. Ndi maso, kaimidwe, mawu otsika pang'ono. Hendry sasintha zambiri, ndipo ukatswiri wake wagona pomwepo.

China n'chakuti zambiri anazijambulira mu situdiyo ku Elstree, pa tepi ya vidiyo. Zipinda n'zopanikiza, kuwala n'kouma, ndipo pamakhala mphindi zambiri popanda nyimbo. Ena amati zimenezi n'zotchipa. Ine ndimati n'zimene zimakupangitsa kumva ngati uli m'chipindamo.

Ngati mtima wanu ungapirire, funaninso I'm the Girl He Wants to Kill, momwe mtsikana watsekeredwa usiku m'nyumba ya maofesi pamodzi ndi wofuna kumupha. Kwa ine limeneli likuposa la mapasali.