Lesotho ndi 4 Okutobala: ufulu wa dziko lokhala ndi mnansi mmodzi

Owerenga athu ena amene amagwira ntchito ku Johannesburg atilembera imelo. Akuti anzawo a kuntchito ochokera ku Lesotho amakondwerera 4 Okutobala ngati tsiku la ufulu, chonsecho ufa, mafuta ndi ntchito amadalira South Africa. Akufunsa kuti, "Ufulu wake ndi uti pamenepa? Bwanji osangokhala chigawo cha South Africa?"

Achimwene, zimene mwaonazo n'zoona. Lesotho inalandira ufulu kuchokera kwa Angerezi mu 1966, patangopita zaka ziwiri Malawi italandira wake. Koma ife zikavuta ku Beira kapena ku Nacala, katundu amatha kudzera ku Dar es Salaam. Iwo a ku Lesotho kulikonse kumene angatembenukire akumana ndi South Africa. Ndalama yawo, loti, imayenda pamodzi ndi randi, imodzi kwa imodzi, ndipo randi mumagulira nayo buledi mu Maseru, likulu lawo, popanda wokufunsani. Banki yaikulu ku Pretoria ikakweza chiwongoladzanja, ya ku Maseru imangotsatira. Gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera boma limachokera ku thumba la misonkho ya pamalire la SACU, mgwirizano wa mayiko a kum'mwera kwa Africa ogawana misonkhoyo.

Kuti mumvetse kulemera kwake, taonani za 1986. Nduna yaikulu ya Lesotho, Leabua Jonathan, inkasunga anthu a ANC othawa tsankho ku South Africa, ndipo mu Disembala 1982 asilikali a South Africa anali atalowa kale mu Maseru usiku n'kupha anthu 42. Mu Januwale 1986 boma la azungu la South Africa linangofinya malire. Magalimoto a mafuta ndi chakudya anaima mizere pa chipata cha pamalire cha Maseru Bridge, m'masitolo munayamba kuuma. Pa 20 Januwale asilikali a Lesotho motsogozedwa ndi Justin Lekhanya analanda boma, a ANC anatulutsidwa m'dzikomo, malire n'kutseguka. Mu Okutobala chaka chomwecho boma la asilikalilo linasaina pangano lotumiza madzi a m'mapiri ku South Africa.

Panganolo ndi limene linabala madamu a Katse ndi Mohale. Madzi amadutsa m'ngalande zoboola pansi pa mapiri mpaka kukathira mu mtsinje wa Vaal, ndiye ena mwa madzi amene mumasamba ku Joniko ndi a kwawo kwa anzanuwo. Mu 1998, asilikali a South Africa ndi Botswana atalowa mu Lesotho chifukwa cha chipwirikiti cha zisankho, amodzi mwa malo oyamba kumene kunaphulika mfuti ndi pa damu la Katse. Aliyense anaona chimene mnansi amachiwerengera kwambiri.

Komabe ine ndikuti kulowa mu South Africa n'kuluza, ndipo chifukwa chake ndi madzi omwewo. Popeza Lesotho ndi dziko palokha, madziwo amagulidwa, ndalama n'kumalowa m'thumba la boma. Likanakhala chigawo ngati Free State, madzi akanangotengedwa ngati a mtsinje wina uliwonse wa m'dzikomo, popanda wolipiritsa. Ntchito za kumigodi ya ku South Africa, zimene agogo athu a nthawi ya Wenela amazidziwa bwino, zinachepa kwambiri, koma Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, singasiye kumwa madzi.

Poyesa kupeza khomo lina, a ku Lesotho anatsegula mafakitale osoka zovala zogulitsa ku America, koma mu Epulo 2025 Donald Trump atalengeza msonkho wa 50 peresenti pa katundu wa ku Lesotho, maoda anayamba kuthawa, ngakhale msonkhowo anadzautsitsa pambuyo pake.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine chili mu Maseru momwemo. Anavota mu 2012, 2015, 2017 ndi 2022, maboma amgwirizano akugwa asanamalize nthawi yawo. Nduna yoti ikuopa kuchotsedwa mawa ingakhale pansi ndi Pretoria n'kulimbirana mtengo wa madzi? Pakali pano damu lina lalikulu, la Polihali, likumangidwa, pomwe midzi ina yoyandikana ndi Katse ikudandaulabe kuti ilibe madzi a m'mipopi. Mukakumana ndi anzanuwo pa 4 Okutobala, muwafunse za ndalama za madzizo kuti zimathera kuti.