Funsolo ndi la ndani, mayankho atsala ndi ndani?

Mayi wina yemwe akuchita digiri yachiwiri wanditumizira imelo. Aphunzitsi ake amuuza kuti kafukufuku wake atsate njira za eni nthaka, ndiye akufunsa kuti: "Kodi nditaye mapepala a mafunso n'kumangocheza ndi akuluakulu? Nanga zimenezo ndi sayansi?"

Achemwali, kucheza kulimo ndithu. Aaborijini a ku Australia ali ndi macheza awo otchedwa yarning, ku Fiji, Tonga ndi Samoa kuli talanoa, ndipo ofufuza amagwiritsa ntchito zonsezi. Koma munthu atha kukhala pansi tsiku lathunthu, kumvetsera mwaulemu, n'kuchokabe atawabera. Pagona nkhani ndi apa: wasankha funso ndani, ndipo zopezekazo zitsala m'manja mwa yani.

Taonani zomwe zinagwera Ahavasupai, mtundu waung'ono wokhala mu Grand Canyon ku America. Kuyambira mu 1990 anapereka magazi kwa ofufuza a Arizona State University poganiza kuti akufufuza matenda a shuga omwe ankawasautsa. Patapita zaka anatulukira kuti magazi omwewo anafufuziridwanso matenda a misala, kukwatirana pachibale, ndi komwe makolo awo anachokera, zotsatira zake n'kutsutsa mbiri yawo yoti anayambira m'chigwa momwemo. Mu 2010 yunivesiteyo inawalipira madola 700,000 n'kubweza magaziwo. Mapepala ovomereza ena anasaina, inde, koma kusaina si kugwirizana.

Asan a kum'mwera kwa Africa nawo anaona zofanana. Ankatafuna chomera cha hoodia kuti njala isawapweteke posaka, bungwe la boma la South Africa lofufuza za sayansi, la CSIR, n'kulembetsa umwini wa mankhwala ochokera m'chomeracho osawauza, ndipo pangano logawana phindu linabwera mu 2003 atadandaula. Mu 2017 analemba malamulo awoawo a kafukufuku, omwe amapempha wofufuza kuti alowere pakhomo, osati pawindo.

Kwa inu, kulowera pakhomo ndi kupita kwa anthuwo musanamalize kulemba dongosolo la kafukufuku, funso likadali lotheka kusintha. Mwina inu mukufuna kudziwa mayina a zitsamba, pamene iwo chikuwasowetsa tulo ndi kutha kwa nkhalango yomwe zitsambazo zimamera. Gwirizanani za yemwe adzasunge mawu ojambulidwa, ndi zomwe siziyenera kusindikizidwa konse. Eni nthaka a ku Canada anakhazikitsa mfundo zotchedwa OCAP pa nkhani yomweyi, zoti zopezeka pa kafukufuku zikhale zawo, azizilamulira, azitha kuziona ndiponso azizisunga okha. Musathamangire kubisa mayina, poti agogo ena amafuna dzina lawo lioneke pa nzeru zawo. Ndipo mu bajeti ikanimo ulendo wobwerera, mukawawerengere zomwe mwapeza m'chinenero chawo, akutsutseni pomwe mwamva molakwa.

Za sayansi musade nazo nkhawa. Ofufuza achimaori ku New Zealand amawerengera anthu, amagwiritsa ntchito mapepala a mafunso ndi ziwerengero, koma mafunsowo amachokera kwa Amaori eni ake. Mapepala anuwo sungani.

Chimodzi chokha ndimakana. Ena amaganiza kuti mtsogoleri akalola basi zatha. Ayi. Mayi wamasiye kapena mnyamata amene salankhula pamsonkhano ali ndi ufulu wokana payekha, ndipo maganizo ake atha kusiyana ndi a akuluakulu. Zonsezi zimadya nthawi yomwe kalendala ya digiri ilibe, choncho kambiranani ndi aphunzitsi anu msanga, ndipo ngati n'kofunika chepetsani kukula kwa kafukufukuyo.