Yankho kwa mayi amene afunsa za filimu ya Lady Bird

Mayi, mwafunsa ngati filimu ya Lady Bird ndi yoyenera kuonera limodzi ndi mwana wanu wamkazi wa zaka 17, komanso ngati siphunzitsa ana mwano. Ine ndikuti muonere naye, koma muyambe mwaionera nokha, chifukwa muli mawu otukwana ndi zochitika za chibwenzi zimene makolo ena sangamasuke nazo.

Filimuyi inatuluka mu 2017, ndipo anailemba ndi kuitsogolera ndi Greta Gerwig. Nkhani yake ikuchitikira ku Sacramento, m'chigawo cha California, mu 2002 ndi 2003. Christine, yemwe gawo lake anasewera ndi Saoirse Ronan, ali m'chaka chomaliza pasekondale ya Akatolika, wadzipatsa yekha dzina loti Lady Bird, ndipo mtima wake wonse uli pa koleji ya ku New York. Amayi ake, a Marion, ndi namwino pachipatala cha odwala matenda a maganizo, ndipo banja lonse likudalira iwo chifukwa bambo ntchito yawathera.

Mwano ulimodi, pakuti koyambirira kwenikweni, mkangano utakula, mtsikanayu akudumpha m'galimoto ikuyenda n'kuvulala mkono. Koma ine amene amandikhudza mtima ndi a Marion, omwe Laurie Metcalf anawasewera mwaluso kwambiri. Mayiwa si ankhanza; nkhawa ya ndalama yawadya mpaka chilichonse chotuluka pakamwa pawo chimasanduka chidzudzulo. Pamene akusankha diresi m'sitolo ya zovala za kaunjika, Christine akuwafunsa ngati amasangalala naye monga momwe alili, osati kungomukonda chifukwa anamubereka, ndipo mayiwo akulephera kuyankha kuti inde. Pamenepo ndiye pagona nkhani yonse.

Atadziwa kuti mwanayo anafunsira malo ku New York mobisa mothandizidwa ndi bambo ake, a Marion akusiya kumuyankhula. Pabwalo la ndege akukana kutsika m'galimoto, kenaka akubwerera akulira, koma akupeza mwana atalowa kale. Makalata amene ankamulembera n'kumawataya osawamaliza, bambo anawatola n'kuwaika m'sutikesi mwake, ndipo Christine akuwawerengera ku New York.

Filimuyi siikira kumbuyo mwana kapena mayi, n'chifukwa chake sindikuopa kuti wanuyo atengerapo mwano. Kumapeto Christine akuimba foni kwawo, akudzitchula ndi dzina limene makolo ake anamupatsa, ndipo akusiya uthenga wothokoza amayi ake.