Ndisiye Windows, ndiike Linux?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi laputopu ya Acer Nitro 5 yomwe ndinagula kwa munthu. Ili ndi Core i5-7300HQ ndi khadi ya GTX 1050 Ti. Windows 11 ikukana kulowa, komanso ndamva kuti Windows 10 anaisiya. Mnzanga akuti ndingoika Linux chifukwa masiku ano magemu onse akuyenda. Madzulo ndimamenya EA FC ndi anzanga kuhositelo, nthawi zina GTA V ndi The Witcher 3. Ndipange bwanji? Wophunzira, Zomba

YANKHO: Achimwene, Windows musaifufute. Mnzanuyo sanakunamizeni kotheratu, koma anaiwala kukufunsani gemu imene mumakonda, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Linux yapitadi patsogolo. Mu 2018 kampani ya Valve, eni ake a Steam (sitolo ya magemu ya pa intaneti), inatulutsa Proton, pulogalamu yothandiza magemu a Windows kuyenda pa Linux, ndipo kamakina kawo ka Steam Deck, komwe kanatuluka mu 2022, kamayendera Linux yomweyo. The Witcher 3 yanu ingayende popanda vuto.

Chopinga ndi mapulogalamu ogwira anthu obera pa magemu, amene amatchedwa anti-cheat. Ena mwa iwo amakhazikika mkatikati mwa Windows, ndipo akapeza kuti muli pa Linux salola gemu kutseguka. Ya kampani ya EA, yomwe imapanga EA FC, inalowa mu gemu ya FIFA 23, ndipo kuyambira pamenepo magemu a mpira a kampaniyi pa Linux sayenda. Valorant ndi Fortnite chimodzimodzi. GTA V mungaisewere panokha, koma mbali yake ya pa intaneti inatsekeka kwa a Linux mu Sepitembala 2024 pamene Rockstar, eni ake a gemuyi, anaikamo anti-cheat yotchedwa BattlEye. Ndiye tayerekezani anzanu abwera kuchipinda atanyamula ma controller awo, inu nkumawafotokozera ubwino wa Linux. Adzakusekani mpaka semesita kutha.

Khadi yanu ya zithunzi ya Nvidia, GTX 1050 Ti, nayonso ndi yachikale. Pa Linux, makhadi a Nvidia a m'badwo umenewo amafooka ndithu pa magemu ogwiritsa ntchito DirectX 12, njira ya Microsoft yojambulira zithunzi za magemu. NitroSense, imene mumaikira liwiro la mafani, ndi ya pa Windows yokha, ndipo laputopu ya magemu m'nyengo ya chilimwe sifuna kusewera nayo pa nkhani ya kutentha.

Za Windows 10 munamva zoona: Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta sinafe ayi, koma zigamba zotseka mabowo a chitetezo zinaima. Pali pulogalamu ya ESU yopitiriza zigambazo mpaka pa 13 Okutobala 2026. Mumalembetsa mu Windows Update ndi akaunti ya Microsoft. Windows 11 ikukukanani chifukwa mndandanda wake wa ma processor a Intel umayambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, pomwe yanu ndi yachisanu ndi chiwiri. Anyamata okonza makompyuta amaikakamiza kulowa pogwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Rufus, ndipo imayenda, kungoti Microsoft salonjeza kuti idzapitiriza kulandira zigamba. Ine pa laputopu ya magemu basi ndingavomere njira imeneyo. Pa makina osungira ndalama ndi ntchito ya kusukulu, ndimazengereza.

Ngati mtima ukufunabe Linux, khalani nazo zonse ziwiri. Ikani Linux Mint, womwe ndi mtundu umodzi wa Linux, pa flashi, muyatse laputopu kudzera pa flashiyo osaika kalikonse, muone ngati Wi-Fi, mawu ndi kiyibodi zikugwira. Zikayenda, gulani disiki ina ya mtundu wa SSD ngati malo alipo, kapena dulani magigabayiti 100 pa disiki yomwe muli nayo. Sukulu, imelo ndi za kubanki muzichitira ku Linux, mpira ku Windows. Musanayambe kudula, koperani mafayilo anu kwina, ndipo batire likhale lodzaza, chifukwa magetsi akathima ntchitoyi ili pakati mukhoza kutaya zonse.

Bando nayo muiganizire. GTA V yokha imadya magigabayiti pafupifupi 100. Koperani foda ya steamapps, momwe Steam imasungira magemu, pa hadi ya kunja kuti musadzatsitsenso, ndipo gemu iliyonse imene mukufuna kusamutsa muyambe mwaifufuza pa ProtonDB, pomwe osewera amalemba ngati inawayendera kapena ayi.